Kindle kapena mabuku a pepala: ndiwauze chiyani alongo anga?

Amake Tiyamike, Chilenje

Muli bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani imene ndakhala ndikuitembenuza m'mutu sabata yonse, ndipo kunyumba sitikugwirizana.

Alongo anga amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo abwera pa Khirisimasi. Anandiimbira Lamlungu, akuti mphatso ya ana ndisankhe ndine: andigulire komweko Kindle, kachipangizo kowerengerapo mabuku, kapena adzandipatse ndalama yake kuti ndigule mabuku kuno ku Lusaka. Yankho akulifuna mwezi uno usanathe. Ine Kindle sindinaigwirepo m'manja, ndimangoiona pa zithunzi.

Ndifotokoze mmene timawerengera pakhomo pathu kuti mundimvetse. Ndili ndi ana awiri. Tiyamike ali ndi zaka 11, ali giredi 6. Dalitso ali ndi zaka 5. Timakhalanso ndi apongozi anga, ambuya awo a anawa, amene anabwera kuchokera ku Katete. Tikadya nsima madzulo, mbale zikatsukidwa, timakhala pa mphasa pabalaza. Tiyamike amakhala ndi buku lake pakona, satifunanso. Dalitso amandikwera pamiyendo ndi kabuku kake ka zithunzi, ndipo kabuku kamodzi tingakawerenge masiku khumi motsatizana, iye osatopa. Nthawi zina ambuya amatitsekera ndi nthano, akati "padangokhala" tonse "tili tonse". Bambo awo amabwera mochedwa, koma Loweruka amakhalapo.

Vuto langa loyamba ndi Tiyamike. Mwanayu buku amalimaliza masiku awiri. Mabuku athu onse amakwana m'katoni imodzi ya sopo, ndipo ena wawawerenga katatu. Ambiri ndinagula kwa anyamata ogulitsa mabuku akale m'tauni, oyala pansi aja, ndipo umangotenga chimene wapeza. Atsopano a m'mashopu a ku Manda Hill ndimangowayang'ana mtengo n'kubweza pa shelefu. Mvula ya chaka chatha denga linadontha pakona pomwe panali katoni ija, mabuku asanu anamatana masamba, tinataya. Tiyamike analira ngati kwagwa maliro.

Lachiwiri ndi malaiti. Nonse mukukumbukira 2024, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, mmene tinkakhalira maola 17 ndi kupitirira popanda magetsi. Tinkawerenga ndi kandulo, ndipo usiku wina Dalitso anatsala pang'ono kuyatsa katani. Kuyambira pamenepo ndimaunikira ndi tochi ya foni, koma foniyo ndi yomwenso ndimalandirira maoda a makeke, sindingaithere batire pa nthano.

Koma mantha anga aakulu ndi awa. Ndinayesapo kumupatsa Tiyamike foni kuti awerengerepo nkhani. Nditabwerako kukhitchini ndinapeza ali pa YouTube, mlongo wake atamukangamira paphewa. Bambo awo akuti Kindle ndi foni yomweyo yangosintha dzina, ndipo sakufuna chinthu china chowala m'nyumba. Iwo akuti buku ndi buku, mwana azilimva kulemera kwake m'manja.

Palinso chimene chimandipweteka mumtima, ngakhale sindidziwa ngati Kindle ingachithetse. M'katoni monse muja mulibe buku ngakhale limodzi la Chinyanja kupatula Buku Lopatulika la ambuya, lomwe maso awo sakulionanso bwino. Dalitso amadziwa nkhani za ana oseweretsa chipale chofewa cha ku Ulaya, koma za Kalulu amangozimva pakamwa pa ambuya, sanazionepo zolembedwa.

Amene muli nayo Kindle, kapena china chofanana nayo, ndiuzeni zoona zake. Kodi imathandiza powerenga pamodzi ngati banja, kapena aliyense amangodzitsekera payekha? Mwana wa zaka 5 angapindule nayo?

Atate a Chikondi, Matero

Amake Tiyamike, ine ndili nayo kuyambira 2019, ndiye ndilankhula zimene ndaona ndi maso.

Choyamba, auzeni bambo a kunyumba kuti si foni. Galasi lake ndi la mtundu wina, amati E Ink. Zilembo zimaoneka ngati zosindikizidwa pa pepala, ndipo padzuwa zimaonekanso bwino kuposa m'nyumba. Batire imadyeka makamaka potembenuza tsamba ndi poyatsa nyali yake, n'chifukwa chake imatha masabata musanatchajenso. Nthawi ya mdima ija ya 2024 ine ndinkatchaja kuntchito kamodzi, n'kuiwalako. Kanema simungaonerepo, galasilo silithamanga. Mwana akaitenga, chomwe angachite ndi kuwerenga kapena kuisiya. Koma chenjerani ndi dzina: Amazon, kampani yopanga Kindle, imagulitsanso matabuleti otchedwa Fire, amene kale ankatchedwa Kindle Fire. Amenewo ndiye ndi foni yaikulu ndithu, masewero ndi makanema onse alimo. Alongo anu asasokoneze. Auzeninso kuti ikhale ya nyali yake mkati. Kindle yotchedwa Paperwhite ili nayo kuyambira pomwe inatuluka mu 2012, pomwe Kindle wamba inayamba kukhala nayo mu 2019. Akagula yakale yopanda nyali, mubwerera ku kandulo.

Kwa mwana ngati Tiyamike, ine ndingati tengani osachedwa. Chikondi wanga anali chimodzimodzi, womeza mabuku. Pa intaneti pali Project Gutenberg, malo amene anayamba kale mu 1971, ali ndi mabuku masauzande ambiri aulere amene umwini wake unatha. Ndi akale, Chingerezi chake nthawi zina n'cholimba, koma Kindle ili ndi dikishonale mkati: mwana akagwira liwu ndi chala, tanthauzo limatuluka pomwepo. Chikondi anasiya kundifunsa matanthauzo, anayamba kundifunsa ngati ndikudziwa mawu amene iye wapeza.

Tsopano zovuta, chifukwa zilipo. Mabuku atsopano amagulidwa ndi madola, ndipo pamafunika khadi la kubanki la Visa kapena Mastercard. Simungangotumiza Airtel Money kapena MoMo ngati mukulipira pa kantemba. Kwacha ikagwa, mtengo wa buku umakwera uli m'nyumba mwanu. Ndiponso buku logula limamangidwa ku akaunti yanu. Simungabwereke mwana wa neba, simungaligulitse mukamaliza, simungalitumize kumudzi. Ine ichi chimandiwawa, chifukwa ndinakula ndi mabuku obwereka. Buku limodzi linkazungulira kalasi yonse mpaka chikuto kutha.

Za Chinyanja ndisakunamizeni. Ine ndinasakasaka mu sitolo ya Kindle, za ana m'chilankhulo chathu ndinapeza zochepa kwambiri, zina zomasuliridwa moti sungawerengere mwana. Pamenepo Kindle sikuthandizani mwa iyo yokha.

Kwa Dalitso ayi. Yanga imaonetsa zakuda ndi zoyera basi, galasi lake ndi mainchesi 6, kachikhatho. Mbalame yofiira imatuluka yotuwa. Za mitundu zinatuluka mu 2024, za Kindle ndi za kampani ina yotchedwa Kobo, koma ndi zodula ndipo galasi likadali laling'ono. Ndinayesa kuwerengera mdzukulu wa achemwali anga, anangotembenuza masamba ndi chala mpaka kumapeto, n'kutsika kupita panja.

Aphunzitsi Opuma, Kabwata

Mwana wanga Amake Tiyamike, ndakondwa kumva kuti pali nyumba imene imakhalabe pa mphasa madzulo. Ine ndinaphunzitsa magiredi a m'munsi zaka zambiri, kuyambira ku Chadiza mpaka kudzapumira kuno. Za makina sindidziwa zambiri, Atate a Chikondi afotokoza bwino. Ine ndilankhula za mwana wamng'onoyo.

Mwana wa zaka 5 sawerenga ndi maso okha. Amawerenga ndi manja, ndi pakamwa, ndi thupi lonse. Amafuna kuloza mbuzi pa chithunzi, kubwerera masamba atatu kuti aone ngati ndi mbuzi yomwe ija, kuika chala pansi pa liwu pomwe inu mukulitchula. Pamenepo m'pamene amaphunzira kuti mawu amayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuti tsamba likatha timapita ku lina, kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera, ndipo amaona ndi maso kuti kwatsala masamba ochepa. Ana amene ankabwera m'kalasi mwanga atagwirapo buku kunyumba ndinkawadziwa tsiku loyamba, mmene ankaligwirira. Ena ankaligwira chadodolido, osati chifukwa chopanda nzeru, koma sanalipatsidwepo.

Mwanena kuti kabuku kamodzi amakafuna masiku khumi. Musadandaule nazo, m'mene ziyenera kukhalira. Akuloweza, ndipo tsiku lina mudzamupeza "akuwerengera" chidole chake mawu omwe aja, chala chili pa mzere. Kabukuko kakhale kake, agone nako, akadetse ndi phala. Chinthu chodula chimene alongo anu anyamula kuchokera ku Johannesburg simudzamulola kugona nacho. Muzidzangoti "usagwetse, usagwire ndi manja onyowa", ndipo mwana adzaphunzira kuti kuwerenga ndi chinthu choopsa cha akuluakulu.

Nkhani ya Chinyanja yandikhudza kwambiri. Mu 2014 boma linayamba kuti ana a giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha m'dera lawo, ndipo kuno ku Lusaka chinali Chinyanja. Makolo ambiri anakwiya, ena ankabwera kudzatifunsa ngati tikufuna ana awo akhale mbuli. Koma ine ndinaona ndekha kuti mwana amagwira msanga a, e, i, o, u m'chilankhulo chomwe amalota nacho. Chinyanja chimalembedwa mmene chimamvekera: ba, be, bi, bo, bu. Mwana akadziwa zimenezi amawerenga liwu lililonse, ngakhale limene sanalionepo. Chingerezi sichitero, chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana. Chimene chinkatisowa nthawi zonse ndi mabuku a nthano oti mwana apite nawo kunyumba.

Ndikuuzeni chimene mdzukulu wanga anandichitira. Pa intaneti pali African Storybook, yoyendetsedwa ndi bungwe la Saide la ku South Africa, ndi ina ya ku India yotchedwa StoryWeaver. Nkhani zake ndi zaulere, za zithunzi, m'zilankhulo zambiri za mu Africa, ndipo za Chinyanja ndi Chichewa zilimo. Iye anazikopera pa foni, anapita kwa osindikiza a pamsika, anasindikiza pa mapepala a A4, tinapinda pakati n'kusoka ndi ulusi wa singano. Chikuto tinadula katoni ya chimanga cha m'mawa chija cha m'mashopu. Zina tinasindikiza zopanda mitundu dala, ana anapaka okha ndi makrayoni. Muziyamba mwawerenga nokha musanasindikize, chifukwa kalembedwe ka ku Malawi ndi ka kuno kamasiyana pang'ono, ndipo zina mawu ake ndi olemera kwa mwana wa m'tauni. Koma poti ambuya alipo, adzamasulira ndi iwo.

Musaiwalenso malaibulale. Bungwe la Lubuto lili ndi laibulale ya ana ku Garden, ndipo ya khonsolo ili m'tauni mu msewu wa Katondo. Loweruka lina mukwere minibasi ndi Tiyamike mukaone.

Nachisale, Kalingalinga

Ine ndingowonjezera pa nkhani ya ambuya, poti ena sanaikhudze. Amayi anga nawonso maso anafooka, Baibulo lawo zilembo zinayamba kuoneka ngati nyerere. Ubwino wa Kindle ndi woti zilembo mumazikulitsa mmene mufunira. Koma Baibulo la Chichewa ife tinalipeza pa foni, mu pulogalamu ya YouVersion, momwe muli Buku Lopatulika ndi Buku Loyera lomwe. Pulogalamu imeneyo siilowa mu Kindle yowerengera ija, imafuna foni kapena tabuleti. Ndiye musawalonjeze ambuya kuti Baibulo lawo likubwera ndi alongo anu. Ife tinawapatsa foni yakale yopanda simu, tinakopera Baibulo lonse kuti lizitseguka popanda bando, zilembo tinaika zazikulu. M'mawa uliwonse amawerenga Masalimo pakhonde. Koma ku tchalitchi amanyamulabe la pepala lija, lokutidwa ndi chitenje, akuti m'menemo ndi momwe muli mayina a ana awo ndi masiku amene anabadwa.

China, nkhani za African Storybook zimene Aphunzitsi anena ndinayesa kuziika mu Kindle ya mnzanga ngati PDF, fayilo yosunga tsamba mmene lilili. Zimalowa, koma tsamba lonse limapanikizika m'kagalasi kaja, zilembo sizikula bwino ngati za buku lenileni la Kindle. Kusindikiza kuli bwino.

Amake Mphatso, Chawama

Ine yanga ndi chenjezo chabe. Tinali nayo, ya abwana a amuna anga anatipatsa atagula yatsopano. Inatha miyezi inayi. Mwana anaisiya pa mpando, mlendo anakhalira, galasi linachita mizere mkati ngakhale kunja silinasweke. Tinazungulira okonza mafoni m'tauni, onse akuti galasi lotere alibe. Mabuku onse anapita tsiku limodzi. Atate a Chikondi mwina anena kuti amakhalabe mu akaunti, koma akauntiyo sinali yathu. Buku la pepala mlendo akalikhalira limangopindika. Mukatenga, alongo anu agulirenso chikuto cholimba, ndipo akaunti ikhale m'dzina lanu.

Atate a Chikondi, Matero

Amake Mphatso anena zoona, pepani ndi zimene zinakuchitikirani. Yanga yakhalitsa chifukwa ili ndi malo ake amodzi, pamwamba pa kabati, ndipo siigona pa mpando.

Koma Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, pa mwana wamkuluyo ndiimabe pomwe ndaima. Mabuku osoka ndi ulusi amukwanira Dalitso, koma mtsikana womaliza buku masiku awiri simungamusindikizire masamba 200 sabata iliyonse, ndalama ya inki ingapose ya ndiwo. Ndipo msinkhu umenewu ndi womwe ana ambiri amasiyira kuwerenga, osati chifukwa chotopa nako, koma chowerenga chatha ndipo foni ili pafupi.

Aphunzitsi Opuma, Kabwata

Sindikutsutsa, bambo. Pa wamkuluyo mukudziwa ndinu. Pempho langa ndi limodzi: asamangowerenga yekha pakona. Tsiku lina pa sabata aziwerengera onse mokweza, kaya kuchokera mu makinawo kaya m'buku, kenako afotokozere ambuya ake m'Chinyanja zimene wawerenga. Pamenepo m'pamene mudzadziwa ngati wamva kapena amangothamangitsa maso.

Amake Tiyamike, Chilenje

Zikomo nonse, ndawerenga mayankho anu kawiri, ndipo usiku wathawu ndinawawerengeranso bambo a Tiyamike. Atamva kuti kanema saoneka pamenepo anafewa, ngakhale akuti adzakhulupirira akadzaigwira okha.

Aphunzitsi, mawu anu aja akuti mwana adzaphunzira kuti kuwerenga ndi chinthu choopsa anandilasa. Ndinakumbukira kuti ngakhale mabuku a pepala omwewa, chidonthereni denga lija, ndakhala ndikuwasunga pamwamba pomwe Dalitso safika, ndipo amayenera kupempha. Lero m'mawa ndatsitsa ake anayi, ndawaika m'kabasiketi pafupi ndi pomwe amagona.

Loweruka ndinachita zimene munanena. Ndinapeza nkhani zitatu za Chinyanja, ndinakasindikiza pamsika wa Chilenje, ndipo kusoka anasoka ndi ambuya, poti singano amaidziwa ndi zala ngakhale maso avuta. Madzulo Tiyamike ndi amene anawerenga mokweza. Apa ndinaona chinthu chimene sindinkachidziwa: mwana wanga amene Chingerezi amathamanga nacho, Chinyanja ankagwa nacho m'mawu aatali, makamaka okhala ndi "ng'" ndi "nkh". Ambuya ankamukonza, iye n'kubwereza, Dalitso n'kumaseka ndi kubwerezanso. Pa liwu lakuti "nkhokwe" anaima n'kufunsa kuti n'chiyani. Ambuya anasiya nkhani ya m'bukumo, anayamba kufotokoza mmene ankalukira nkhokwe ndi nsungwi ku Katete, mmene ankaikwezera pa miyala kuti chiswe ndi makoswe zisalowe, ndi chaka chimene inadzaza mpaka chimanga china anasunga padenga. Sitinamalize kabukuko usiku umenewo.

Alongo anga ndawaimbira. Ndawauza kuti agule Kindle wamba ya nyali, osati Fire, osati ya mitundu yodula ija, ndi chikuto chake cholimba, ndipo akaunti tidzatsegula limodzi akafika kuti ikhale m'dzina langa monga Amake Mphatso anenera. Idzakhala ya Tiyamike ndi ine, malo ake pa kabati. Ndalama yotsala pa mtengo wa yodula ija ndawapempha adzandipatse m'manja, ndi ya mapepala ndi inki ya Dalitso. Anaseka, akuti ndasankha zonse ziwiri, koma avomera.

Nachisale, foni yakale ilipo m'dirowa, galasi lake ndi losweka pakona koma imayaka. Kodi Baibulo lija munalikopera bwanji kuti lizitseguka popanda bando? Ndikufuna ndiwakonzere ambuya Lamlungu lisanafike.